Tinakawedza ku nyanja ya Erie: lipoti la ulendo wa gulu lathu

Ulendowu unabadwa pa msonkhano wathu wa mwezi wa Juni, pamene a malume a ku Nkhotakota, amene akhala kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, zaka zoposa 20, anadandaula kuti ana athu akukula osadziwa fungo la nsomba yongovuulidwa kumene. Nsomba imene akuidziwa ndi ya m'pulasitiki, yopanda mutu, yopanda mchira. Tinagwirizana tsiku lomwelo kuti tisonkhe ndalama tikakwere boti ku nyanja ya Erie, mbali ya chigawo cha Ohio. Komiti inandipempha kuti ndilembe mmene tinayendera, kuti amene munatsala mumveko, ndiponso amene munasonkha mudziwe chimene ndalama zanu zinagwira.

Tinalipo anthu 12, akulu 9 ndi ana 3. Tinachita hayala maboti awiri, chifukwa maboti ambiri a mtundu umenewu saloledwa kunyamula owedza opitirira 6. Mbedza, zingwe, nyambo ndi mafuta zimakhala za mwini boti. Inu mumangobwera ndi chakudya chanu, bokosi la ayisi ndi laisensi. Pa laisensipo ndichenjeze: ya ku Indiana sigwira ntchito m'madzi a Ohio. Aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo anagula ya tsiku limodzi pa intaneti tisananyamuke.

Tinanyamuka Lachisanu madzulo, mwezi wa Seputembala, kudzera msewu wolipira wa I-80/90. Patatha maola atatu, titadutsa Toledo, tinafika ku Port Clinton, tauni yaing'ono pamene mtsinje wa Portage umathira m'nyanja. Anthu a kumeneko amatcha tauni yawo likulu la nsomba yotchedwa walleye pa dziko lonse, ndipo usiku wolowa chaka chatsopano amatsitsa chifanizo chachikulu cha nsombayi khamu likuwerengera. Nsomba ndiyo ikudyetsa mahotela, masitolo a nyambo ndi malo odyera onse a m'mbali mwa doko.

M'mawa wa Loweruka tinali padoko kusanache. Ine ndinakwera boti limodzi ndi a malume, mayi tcheya, achimwene awiri a ku Elkhart ndi mnyamata wa zaka 11, mwana wa mmodzi wa iwo. Kaputeni, bambo wa imvi amene anatiuza kuti anayamba kuwedza pa nyanjayi ali mwana, anationetsa pamene pali majekete oyandamitsa munthu, nkuliza injini.

Chinayamba kutidabwitsa ndi madzi. Ife tinazolowera nyanja imene ukaima pa mwala ku Cape Maclear umaona mbuna zikusewera pansi. Erie ndi yobiriwira modera, dzanja ukaliviika mpaka m'chigongono silionekanso bwino. Titayenda mpaka gombe litangotsala kamzere, a malume anasuzumira pa kachipangizo koonetsa pansi pa madzi nkufunsa ngati kakugwira bwino ntchito, chifukwa kamaonetsa mamita osafika 10. Kanali bwinobwino. Mwa nyanja zisanu zikuluzikulu za kuno, Erie ndiyo yosaya kwambiri: pamalo pake pozama zedi ndi mamita 64, pamene yathu imafika cha m'ma 700. Kukula kwake pamwamba sikusiyana kwenikweni ndi yathu, ikuchepa pang'ono chabe. Kusaya kumeneku ndiko kumaipatsa nsomba zambiri, popeza madzi amafunda msanga ndipo chakudya cha nsomba chimachuluka. Komanso ndiko kumautsa mafunde afupiafupi, othinana, amene amamenya boti mosalekeza. Si mwera ayi, koma mayi tcheya anagwidwa ndi mseru ola loyamba lonse, ndipo m'boti linalo awiri anasanza.

Kawedzedwe ka walleye tsiku limenelo kanali kokoka nyambo boti likuyenda pang'onopang'ono, ngati liwiro la munthu woyenda pansi. Mnyamata wothandiza kaputeni anaponya zingwe zambiri, chilichonse chili ndi kansomba kabodza ka pulasitiki kapena kachitsulo konyezimira. Kuti zisakolane, chingwe chilichonse amachimangirira ku kathabwa koyandama kamene kamachikokera kumbali, ndiye timatabwato timandandalika uku ndi uku ngati mapiko. Ntchito ya ife inali kuyang'ana. Kathabwa kakatsalira m'mbuyo pa mzere wa anzake, ndiye kuti nsomba yaluma.

Woyamba kupukusa anali a malume. Walleye silimbana kwambiri, imangolemera, nkumagwedeza mutu pansipo. Itatulukira, tonse tinaizungulira. Ndi yaitali, yowulungika thupi, ya mtundu wa golide wodera, kunsonga kwa mchira m'munsi kuli banga loyera. Mano ake ndi akuthwa, ndipo chipsepse cha pamsana chili ndi minga yobaya. A malume anati kamaonekedwe kakuwakumbutsa mcheni. Koma maso ndiwo nkhani: aakulu, otuwa ngati galasi lochita nkhungu. M'kati mwake muli kachikopa kobweza kuwala, monga mwa mphaka, kotero imaona bwino m'madzi akuda ndi m'chisisira pamene tinsomba timene imadya sitiona. Ndicho chifukwa kaputeni anasangalala kuti kunali mitambo ndi kamphepo.

Cha m'ma 9 koloko inafika nthawi ya mnyamata uja. Anapukusa yekha, manja akunjenjemera, bambo ake atamugwira lamba kumbuyo. Nsomba inalowa m'kaukonde, iye akukuwa kuti ajambulidwe. Kaputeni sananene kanthu. Anaigoneka pa thabwa loyezera, mlomo kukhudza kumapeto, nafinya mchira. Inaperewera pang'ono, mwina theka la chala, kufika pa mainchesi 15, omwe ndi masentimita 38, mlingo wochepetsetsa umene lamulo limalola. Anamuuza mwanayo kuti aigwire ndi manja onyowa, ajambulitse msanga, kenaka aibweze yekha m'madzi.

Nsomba imeneyo ikanakhala ya pa Senga Bay ikanadyetsa banja lonse madzulo. Panalibe wapolisi, panalibe boti lina pafupi. A malume anayankhula m'Chichewa, motsitsa mawu: "Ndiwo zimenezo, zikupita." Mwanayo anawerama, naitsitsa, ndipo inangoti phethi kulowa pansi. Misozi inalengeza m'maso mwake. Patapita mphindi ngati 20 anagwira ina yokwana bwino, koma pobwerera kunyumba imene ankaikamba ndi yoyamba ija.

Pamene tinkadikira zina, kaputeni anatifotokozera za nyanja ya ubwana wake, ndipo zambiri ndi mbiri yodziwika kuno. Cha m'ma 1960 anthu ankati Erie yafa. Zonyansa za m'mafakitale ndi za m'mizinda zinkathiridwa momwemo, ndipo mu 1969 mtsinje wa Cuyahoga, umene umalowa m'nyanjayi ku Cleveland, unayaka moto chifukwa cha mafuta oyandama. Mu 1970 usodzi wa walleye unatsekedwa atapeza poizoni wa mekyule m'nsombazo. Mu 1972 America ndi Canada anasainirana pangano loyeretsa madzi a nyanja zimenezi. Kenaka Ohio inaletsa maukonde otchera m'madzi ake, ndipo lero walleye ya mbali ya Ohio siloledwa kugwidwa kuti ikagulitsidwe. Ya m'malo odyera imachokera ku Ontario, tsidya la Canada, kumene usodzi wa malonda ulipobe. Chaka chilichonse akatswiri a Ohio, Michigan, Pennsylvania, New York ndi Ontario amakhala pamodzi, nkuona kuchuluka kwa nsomba, nkugawana mlingo woti ugwidwe. Malire a walleye 6 pa munthu pa tsiku amachokera pamenepo. Nsomba zinaswana kwambiri mu 2015, 2018 ndi 2019, ndipo zambiri zazikulu zimene zikugwidwa zaka zino ndi za mbadwo umenewo.

Ndikumvetsera, mtima wanga unali pa chambo. Ndinakulira ku Mangochi, ndipo ndikukumbuka chambo chodzaza m'bale chimene mayi ankagula pa ndalama yochepa. Ndinaonanso nyanja ya Malombe ikutsala ndi kambuzi. Koma sindingaloze chala msodzi wa kwathu. Kaputeni amene tinali naye m'boti amabweza nsomba podziwa kuti madzulo adya, ndipo ndalama yake walandira kale kaya tagwira kaya ayi. Wa kwathu akabweza, ndiye kuti wabweza fizi ya mwana. Ngakhale zili choncho, nzeru yopumitsa nyanja si yachilendo kwa ife. A malume anakumbutsa za chilumba cha Mbenji ku Salima, kumene mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi miyezi ya dzinja kwa zaka zambirimbiri, ndipo asodzi amamvera. Anamufotokozera kaputeni zimenezi m'Chingerezi chawo chodekha, iye nkumafunsa kuti amene waphwanya lamulo amamutani.

Dzuwa litakwera tinali ndi walleye 19 m'boti lathu. Tinakweza zingwe nkupita kufupi ndi zilumba kukafuna nsomba ina yotchedwa perch. Chipilala cha pa chilumba cha South Bass, chotalika mamita 107, chokumbukira nkhondo ya pa nyanjayi ya mu 1813 ndi mtendere umene unatsatira, chinkaoneka bwino kumene tinaponya nangula.

Apa ndiye tinamva ngati tili kwathu. Palibe kukoka, palibe timatabwa. Aliyense ndi ndodo yake, kawaya kokhala ndi mbedza ziwiri, nyambo yake tinsomba tonyezimira tofanana kwambiri ndi usipa. Umatsitsa mpaka chitsulo chigunde pansi, nkukweza pang'ono, nkudikira kakugogoda kochepa pa chala. Perch ndi yaing'ono, ya chikasu, ya mizere yakuda yotsika m'mbali, zipsepse za m'munsi zofiirira ngati lalanje. Imayenda m'magulu, ndiye ikafika imafikira onse nthawi imodzi. Mayi tcheya, mseru utatha, ndiwo anatiposa tonse, kawiri konse anavuula ziwiriziwiri. Malire kumbali imeneyi ya nyanja ndi 30 pa munthu, ndipo wothandiza uja ankadina kowerengera nsomba iliyonse ikalowa m'bokosi. Sitinafikeko, tinalekera pa 74. A boti linalo anapeza walleye 11 ndi perch zochepa, popeza anachedwa kusamuka pamalo oyamba.

Inalumanso nsomba ina yotuwa, ya msana wokwera, imene amaitcha sheepshead. Owedza a kuno ambiri saifuna. Ife tinafunsa ngati lamulo likuletsa kuitenga, atati ayi tinasunga zinayi. Tinaziwamba, ndipo aliyense amene analawa anapempha ina.

Pobwerera kudoko tinadutsa m'mizere ya ndere zobiriwira ngati penti. Vuto limeneli silinathe. Feteleza wa m'minda amatsika ndi mtsinje wa Maumee, ndere nkuphuka m'miyezi yotentha, ndipo mu Ogasiti 2014 anthu a ku Toledo anakhala masiku pafupifupi atatu osamwa madzi a m'mipopi chifukwa cha poizoni wake.

Padoko pali malo okonzera nsomba, amalipiritsa potengera kulemera. Amachotsa mnofu wa mbali ziwiri ndi mpeni wa magetsi, zotsala zonse nkuponya m'mgolo. Mayi tcheya ataona mitu ikupita m'mgolomo anagwira dzanja la mnyamata wodulayo nati, "Mwanawe, imani kaye." Tinapempha kuti theka la walleye angozitumbula ndi kupala mamba, ndipo za theka linalo atipatse mitu yake m'thumba. Anatero mosavuta, natisonyezanso kamnofu ka m'tsaya la walleye kamene eni ake amakakonda.

Lamulungu masana tinakumana kwa a malume, pamodzi ndi mabanja amene sanapite. Perch tinakazinga yathunthu. Mitu inaphikidwa ndi tomato ndi anyezi basi, nsima miphika iwiri, ndi mpiru wa m'dimba la kuseri kwa nyumba. Walleye ndi yoyera mnofu, ya minga yochepa, yosanunkha. Msuzi wake sufika pa wa chambo, koma mphika unatsukidwa ndi mbamu. Mnyamata uja anaphunzitsidwa ndi a malume kudya mutu, kuyambira kutsaya mpaka diso.

Ndalama zotsala msungichuma aziwerenga pa msonkhano ukubwerawu. Pali ganizo loti mu Epulo tipite ku mtsinje wa Maumee, nthawi imene walleye zimakwera kukaswana monga imachitira mpasa mu Bua, ndipo anthu amawedza ataima m'madzi. Kumeneko sikufunika boti, koma madzi amakhala ozizira kwambiri, ndiye ofuna kupita alembetse msanga kuti tidziwe nsapato za mphira zofika pachifuwa zimene tibwereke.