Milungu itatu ndi chimbale cha Tears for Fears

Aphunzitsi athu a kajambulidwe ka nyimbo anatipatsa ntchito yosankha chimbale chakale n'kupanganso biti ya nyimbo imodzi pa kompyuta. Ine ndinatenga Songs from the Big Chair cha Tears for Fears, gulu la Roland Orzabal ndi Curt Smith a ku Bath, ku England. Chinatuluka mu 1985, chili ndi nyimbo 8 zokha, ndipo anachijambula ndi Chris Hughes.

Ndinasankha Everybody Wants to Rule the World poganiza kuti ndi yosavuta. Liwiro ndinalipeza msanga, kugunda pafupifupi 112 pa mphindi. Ng'oma ndinaika, besi ndinaika, koma nditasewera zonse pamodzi zinamveka ngati asilikali ali pa perete. Masiku anayi ndinkangosintha mawu a kiyibodi, kuganiza kuti vuto lili pamenepo. Usiku wina magetsi atazima ndinagona chagada, mahedifoni m'makutu, n'kumamenya chala pachifuwa motsatira nyimboyo. Apo m'pamene ndinamva kuti chala changa chikumenya katatu pa kugunda kulikonse, pamene ine pa kompyuta ndinagawa kanayi. Nyimbo yonse imayenda modumphadumpha chifukwa cha kugawa patatu kumeneko. M'mawa ndinakonza, biti inadzuka nthawi yomweyo.

Chachiwiri chimene ndinazindikira chinandikhudza kwambiri. Pa ndime yoyamba besi imangokhala pa noti imodzi ya D, osasuntha, pamene kiyibodi pamwamba ikusinthanitsa makodi (manoti angapo olira pamodzi) awiri okha. Ine ndinazolowera kuthamangitsa besi kuti itsatire kodi iliyonse. Iwo anaileka ikhale phee, ndiye ikadzasuntha n'kukwera ku E, mtima umachita kunyamuka nayo. Zoti nyimboyi inalowa m'chimbale pomalizira, Orzabal akukayika ngati ikugwirizana ndi zinzake, zimandidabwitsabe. Inafika pa nambala 1 ku America.

Chimbale chonsecho ndachimvera kambirimbiri tsopano. Shout imatenga mphindi zoposa 6 ikubwereza mawu ochepa omwewo, koma siitopetsa, chifukwa zida zimalowa chimodzichimodzi mpaka gitala kudzang'amba kumapeto. Mothers Talk sindinaikonde kwenikweni, yadzaza zinthu zambiri. Imene yandigwira mtima ndi The Working Hour, momwe sakisofoni imalirira pamwamba pa makina ngati munthu amene watsala yekha mu ofesi anzake ataweruka. Anthu amati nyimbo za makina za zaka za m'ma 1980 n'zozizira, zopanda moyo. Anyamatawa ankawerenga za Arthur Janov, katswiri wa maganizo amene ankaphunzitsa za kutulutsa ululu wa paubwana, ndipo ululuwo umamveka ngakhale ng'oma zili za makina.

Ntchito ndinapereka Lachisanu. Aphunzitsi anamvera mpaka pakati, n'kundiuza kuti gitala yanga ikulowa mochedwa pang'ono. Ndabwerera nayo kunyumba, ndipo madzulo ano ndiyambira pomwepo.