Kachewere wabwerera kumudzi, tikiti yagwa ndi timu imodzi

Lachisanu, ku Ulongwe.

Ndinadzuka kusanache chifukwa amalume anandipempha kuti ndiwaperekeze kumsika ndi matumba awo a kachewere. Wogula amene amanyamula katundu kupita ku mzinda wa Tete anatchula mtengo wotsikirapo pa umene iwo anagulitsira mwezi watha. Nditachotsera ndalama za mbewu, feteleza, aganyu ndi ngolo, ndinaona kuti phindu linalipobe, koma amalume anapukusa mutu nati, "Mphwanga, thukuta langa sindingalitaye chonchi, bola ndibwerere nawo." Matumbawo abwerera kumudzi kukadikira sabata yamawa, ngakhale kachewere wokumba kale sachedwa kuphukira ndi kuwola, ndipo mwini ngolo adzafuna malipiro kachiwiri.

Sindinatsutsane nawo pagulu, pakuti mkulu sawongoleredwa pamaso pa ogula, koma nkhaniyi yandiyenda m'mutu tsiku lonse. Mu 1979 akatswiri awiri a za maganizo a munthu, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, anasonyeza kuti munthu akamasankha zochita ndi ndalama sayang'ana chuma chake chonse, koma amayeza zinthu kuchokera pa mlingo umene wauzolowera. Kwa amalume mlingowo ndi mtengo wa mwezi watha, choncho chilichonse chotsika pamenepo amachimva ngati kuluza, ngakhale masamu akunena kuti apindula. Kafukufuku wotsatira wa awiriwa anapeza kuti ululu wotaya ndalama umaposa pafupifupi kawiri chisangalalo chopeza ndalama zofanana nazo, moti munthu amene wagwetsa 1,000 meticais sangatonthozedwe ndi kutola 1,000 ina. Kahneman analandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2002, Tversky atamwalira kale mu 1996.

Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri pa zimene anapezazo ndi mbali imene anthu ambiri amaiphonya. Timaganiza kuti woopa kuluza amakhala wosamala, koma munthu akaona kuti kuluza kwamufikira ndithu, amalolera kuika zambiri pachiswe pofuna kuthawa kuluzako. Amalume sanakhudzepo juga moyo wawo wonse ndipo angakwiye nditawauza, komatu kukana ndalama zimene zili m'manja n'kudalira kuti mtengo ukwera kachewere asanawole ndi kubetcha ndithu. Manthawa ali ndi gwero lake mu ubongo. Mu 2010 ofufuza a ku California Institute of Technology anayesa anthu awiri amene kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala, kamene kamatichenjeza za zoopsa, kanawonongeka ndi matenda, ndipo anapeza kuti iwo ankavomera mosavuta kubetcha kumene anthu ena ankakukana poopa kutaya ndalama.

Masana ndinapita kukameta, ndipo mnyamata wometayo ankayang'ana foni pafupipafupi mpaka ndinada nkhawa ndi khutu langa. Anandiuza kuti usiku wathawu tikiti yake yobetchera mpira inagwa ndi timu imodzi yokha, ndipo anali atatumiza kale ndalama zina kudzera pa M-Pesa kuti abweze zimene zinapita. "Achimwene, ndinatsala pang'ono," anatero mobwerezabwereza, nkhope ikuwala ngati kuti wapambana.

Kutsala pang'ono kumeneku n'kumene kumamanga anthu. Katswiri wa za ubongo Wolfram Schultz ndi anzake, poyesa anyani m'zaka za m'ma 1990, anapeza kuti maselo a mu ubongo otulutsa dopamine, mankhwala achilengedwe amene amatipatsa chilakolako chofuna mphotho, amachangamuka kwambiri mphotho ikabwera mosayembekezereka, ndipo akazolowera amayamba kuchangamuka ndi chizindikiro chakuti mphotho ikubwera, isanafike n'komwe. Mu 2009 Luke Clark wa ku yunivesite ya Cambridge anasonyezanso kuti wobetcha akaphonya pang'ono, zigawo za ubongo zimene zimagwira ntchito munthu akapambana zimadzukanso, ndipo chilakolako chopitiriza chimakula. Tikiti yogwa ndi timu imodzi ndi yogwa ndi matimu onse zimabweza ndalama zofanana, kutanthauza kuti palibe, koma ubongo umaziwerenga mosiyana. Sindikhulupirira kuti kudzudzula mnyamatayu kuti ndi waulesi kungathandize, chifukwa amaima ndi makina ometera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo chomwe chikumukoka ndi chomwechonso chabweza matumba a munthu wamkulu wolemekezeka.

Madzulo gulu la xitique la akazi anga, limene amasonkherana ndalama n'kumapatsana mosinthana mwezi ndi mwezi, linakumana pakhonde pathu, ndipo ine ndinamvetsera ndili m'nyumba. Mayi wina anapereka ganizo lakuti agule feteleza wa chaka chamawa mwezi uno, ndalama za fodya ndi soya zikadali m'matumba, m'malo modikira Novembala pamene aliyense amakhala akuthamangira kwa okongoza akatapira. Mayiyu sanawerengepo magazini ya Science, koma mu 2013 magaziniyo inafalitsa kafukufuku wa Anandi Mani, Sendhil Mullainathan, Eldar Shafir ndi Jiaying Zhao pa alimi a nzimbe 464 a ku Tamil Nadu ku India, amene anapatsidwa mayeso a kuganiza asanakolole komanso atakolola. Alimi omwewo anakhoza bwino atalandira ndalama za zokolola kuposa pamene anali pa usiwa, ndipo ofufuzawo anati nkhawa ya ndalama imadya mphamvu za maganizo zimene munthu akanagwiritsa ntchito poganiza zina. Aliyense amene anakhalapo kuno mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe itauma ndipo chimanga chakumunda chisanakhwime, akudziwa mmene mutu umapanikizikira, ndiponso kuti ngongole zoipa zambiri zimatengedwa m'miyezi imeneyo.

Mayi wachikulire mmodzi anakana ganizolo, nati ndalama zikasanduka feteleza sizingathandizenso mwana akadwala usiku, ndipo mfundo yakeyo inali yomveka. Anakambirana mpaka mdima unagwa, kenako anagwirizana kuti theka la ndalama za mwezi uno ligule feteleza, theka linalo likhale kwa msungichuma, ndipo adzakumananso Lamlungu akatuluka kutchalitchi kuti asankhe amene akagule.