Tinakaona mtengo wa Bodhi ku Bodh Gaya

Tinanyamuka ku Delhi madzulo pa sitima, ophunzira asanu ndi atatu a ku Malawi, ndipo kunatichera tikulowa mu Gaya, m'chigawo cha Bihar. Kuchoka apo tinakwera tinjinga tamoto tamatayala atatu mpaka ku Bodh Gaya, kumene Abuda amati Siddhartha Gautama anaunikiridwa n'kukhala Buddha.

Chibuda chimene ine ndinkachidziwa ndi cha ku Amitofo Care Centre kufupi ndi Blantyre, cha mwambo wa Chitchaina, ndiye ndinkangoti onse ndi otero. Tauni imeneyi inanditsegula m'maso. Pafupifupi dziko lililonse la Chibuda lili ndi kachisi wake kumeneko: Thailand wa denga lonyezimira, Japan wopanda zokongoletsa zambiri, Bhutan wojambulidwa khoma lonse.

Ku kachisi wamkulu wa Mahabodhi, amene UNESCO, nthambi ya United Nations, inamuika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2002, tinasiya mafoni pachipata n'kuvula nsapato. Kuseri kwake n'kumene kuli mtengo wa Bodhi, pamalo pamene amati Buddha anakhala pounikiridwa. Ndi wa mtundu wa mikuyu, masamba ake onga mtima okhala ndi kamchira. Tsamba likathothoka, anthu amalitola n'kulisunga.

Apa ndiye tinakhalitsa. Amonke a nthambi ya Chibuda yotchedwa Theravada ochokera ku Sri Lanka, m'mikanjo yachikasu, ankaimba m'chinenero cha Pali. Pambali pawo panali a ku Tibet, ovala zofiira moderako, aliyense pa thabwa lake, kugwa chafufumimba n'kudzukanso, kugwanso, mpaka thabwalo kuchita kusalala. Mayi wina wachikulire anavala tinsalu m'manja kuti asasupuke. Ndinamuyang'ana nthawi yaitali, mtima wanga unagwidwa.

Mmonke wina anatifotokozera kusiyana kwawo. A Theravada amatsata malemba a Pali ndipo amafuna kukhala arahant, womasuka ku kubadwanso. A nthambi ina, ya Mahayana, amalumbira kukhala bodhisattva, wofunira zamoyo zonse chimasuko. A ku Tibet amaonjezerapo miyambo yawo yotchedwa Vajrayana. Mnzathu wina, mwana wa m'busa, anafunsa ngati amakanganapo. Mmonkeyo sanabise, anati mikangano ya ziphunzitso ilipo kuyambira kalekale, koma onse amathawira kwa Buddha, Dhamma (chiphunzitso chake) ndi Sangha (gulu la amonke), ndipo onse amavomereza zoonadi zinayi zokhudza mavuto.

Madzulo tinalowa nawo m'mzere wozungulira kachisi, kachisiyo ali kudzanja lathu lamanja monga mwa mwambo. Nyimbo za zinenero zosiyana zinkamveka nthawi imodzi, ndipo sindinaone gulu lokweza mawu kuti liphimbe linzake.