Kope langa la mvula lalowa mu kompyuta

Usiku wa Lachinayi ndinamaliza kusamutsira kope lachitatu la mvula mu Google Sheets, pulogalamu ya pa kompyuta yosungira ndi kuwerengera manambala m'timabokosi. Ndinayamba kuyeza mvula kuseri kwa nyumba kuno ku Bangwe mu Okutobala 2022, ndi kachoyezera ka pulasitiki kamene ndinakaimika pabwalo, kutali ndi denga komanso mtengo wa mapeyala. M'mawa uliwonse 8 koloko ndimawerenga, kulemba, kenako kukhuthula madziwo. Ndikalemba milimita imodzi ndiye kuti lita imodzi ya madzi yagwera pamalo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi.

Ndinkaganiza kuti ntchito yaikulu ikhala yojambula galafu. Ayi ndithu, nthawi yanga yambiri yathera pokonza manambala.

Madeti ndiwo anayamba kundivuta. Ife timalemba tsiku poyamba, mwezi pambuyo, koma fayilo yanga inali pa kalembedwe ka ku America. Ndikalemba 03/04/2024, ine ndikutanthauza 3 Epulo, iyo inkamva 4 Malichi. Tsono 13/03/2023 inkangosiyidwa ngati mawu wamba, poti kulibe mwezi wa 13. Chinandidzidzimutsa ndi chakuti madeti ena anatsamira kumanja kwa kabokosi, ena kumanzere: deti lenileni limapita kumanja ngati nambala, mawu amakhala kumanzere. Ndinalowa pa File, Settings, n'kusintha Locale kukhala United Kingdom. Koma dziwani kuti zimenezi sizikonza madeti amene anatembenuka kale. Amenewo ndinawalembanso limodzilimodzi, kope lili pambali.

Kenako nkhani ya chaka. Dzinja lathu limayamba chaka china n'kutha chaka china, ndiye kuphatikiza mvula kuyambira Januwale mpaka Disembala n'kusakaniza mchira wa dzinja lina ndi mutu wa linzake. Madeti ali mu kolamu A, mamilimita a mvula mu kolamu B, ndiye ndinawonjezera kolamu D ya nyengo ndi fomula iyi: =IF(MONTH(A2)>=7,YEAR(A2),YEAR(A2)-1). Chaka changa cha mvula tsopano chimayamba mu Julayi, kotero chizimalupsa cha Okutobala ndi mvula yomaliza ya Epulo zimagwera pamodzi. Pivot table, imene imaphatikiza manambala m'magulumagulu, inachita zotsalazo m'kanthawi kochepa.

Pamene ndikufuna tikhalepo pang'ono ndi pa ng'amba, chifukwa ndi pomwe ndinatsala pang'ono kudzinamiza. Kwa munthu wolima chimanga, mvula yonse ya chaka siuza zambiri. Chimene chimapha mbewu ndi masiku otsatizana opanda mvula, makamaka chimanga chikamamasula ngayaye. Ndinapanga kolamu E yowerenga masiku amenewa: =IF(B3<1,E2+1,0). Kukagwa mvula yosafika milimita imodzi, chiwerengero chimakwera; ikagwa yoposa apo, chimabwerera pa ziro. MAX imakupatsa ng'amba yaitali kuposa zonse.

Yankho litatuluka, linandionetsa ng'amba mu Januwale 2023 imene sindinkaikumbukira n'komwe. Nditatsegula kope ndinapeza kuti sabata imeneyo ndinali kumudzi kumaliro. Sindinayeze. Timabokosi tinali topanda kanthu, ndipo fomula imatenga kabokosi kopanda kanthu ngati ziro. Choipa china, tsiku limene ndinabwerako ndinalemba madzi onse amene ndinawapeza m'choyezera, ndiye pagalafu pankaoneka ngati kunagwa chimvula cha tsiku limodzi.

"Sikunagwe mvula" ndi "sindinayeze" ndi nkhani ziwiri zosiyana. Panopa tsiku louma ndimalemba 0 ndi dzanja langa, tsiku losayeza ndimalisiya lopanda kanthu, ndipo fomula ya ng'amba imayamba yafunsa ngati B3="" isanawerenge. Ngakhale AVERAGE imasiyanitsa ziwirizi: imadumpha timabokosi topanda kanthu koma maziro imawawerengera. Mu kolamu C ndimalembamo ndemanga, monga "madzi a masiku asanu", ndipo conditional formatting imapaka mizere imeneyo chikasu kuti ndisaiiwale.

Galafu ya mvula ya tsiku ndi tsiku ndinaijambula ya timipanda toimirira. Poyamba ndinayesa ya mzere, koma mzere umalumikiza Lolemba ndi Lachisanu ngati kuti pakatipo mvula inkatsika pang'onopang'ono, pamene siigwa motero. Mzere ndausungira mvula younjikana kuyambira pachiyambi pa nyengo, imene ndimaipeza ndi =SUMIFS($B$2:B2,$D$2:D2,D2). Chizindikiro cha dola chimamanga poyambira kuti pasasunthe pamene ukukokera fomula pansi.

Nditaika nyengo zonse pagalafu imodzi ndinakhala chete kwa kanthawi. Mzere wa 2023/24 wagona chafufumimba mu Febuluwale, nthawi ya El Niño ija chimanga chinkafota m'minda, boma lisanalengeze mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi. Wa 2022/23 ukukwera ngati khoma pakati pa Malichi, masiku a namondwe Freddy. Ndipo khomalo n'lalifupi kuposa zoona zake, chifukwa choyezera changa chinasefukira ndipo panalibe wotuluka panja kukakhuthula. Pamizere imeneyo ndalemba "chinasefukira", nambala ndaisiya monga ndinaipezera. Sindikufuna kuikapo yongopeka pa masiku amene anthu ambiri anataya miyoyo kuno ku Blantyre.

Chatsala ndi kuika data validation pa kolamu B kuti izikana chilichonse chosakhala nambala, chifukwa ndapezamo "12mm" malo angapo ndipo SUM inkangozidumpha osanena kanthu. Ndikufunanso choyezera chachikulupo mvula yobzalira isanafike.