Rampu ya shedi imayezedwa pamimba pa thirakitala

Ambirife kuno ku Joni timagwira ntchito za m'munda, ndipo amene muli pa mapuloti akuluakulu mukukadziwa kathirakitala kotchetchera kapinga, kokhala ndi mpando kaja. Kusukulu ya ukalipentala kumene ndimapita Loweruka, aphunzitsi anatipatsa ntchito yowerengera ndi kumanga rampu yoti kathirakitala kotere kazikwerera polowa m'shedi. Khomo la shediyo lili pamwamba ndi masentimita 30 kuchokera padothi.

Poyamba tinakambirana za kutsetsereka. Aphunzitsi amalemba 1:8, kutanthauza kuti pa sentimita iliyonse yokwera, rampu iyende masentimita 8 chopingasa. Ndiye pa masentimita 30 aja, rampu ikudya malo a masentimita 240. Kuti tidziwe kutalika kwa mitanda yopendekeka, tinabwerera ku masamu a Pythagoras a kusekondale: 30 kuchulukitsa ndi 30, kuphatikiza 240 kuchulukitsa ndi 240, zikukwana 58,500, ndipo tikatenga square root yake mtanda ukutuluka wa masentimita pafupifupi 242. Rampu ya njinga za anthu olumala imafuna 1:12, koma thirakitala ili ndi injini, sifunika kuigonekera chotero. Mbali inayi, timabuku ta makina ambiri otere timachenjeza kuti musayende nawo pachitunda choposa madigiri 15.

Apa ndi pamene mutu wanga unatsegukira. Madigiri 15 ndi pafupifupi 1:4, choncho munthu akhoza kuganiza kuti rampu yaifupi ya masentimita 120 ikwana, matabwa apulumuke. Injini ikwera ndithu. Vuto lili pamwamba, pamene rampu ikukumana ndi pansi pa shedi. Matayala akutsogolo akalowa m'kati, akumbuyo akadali pachikweza, msonga wa pakhomo uja umasuzumira pakati pa matayalawo, pomwe palendewera chimbale cha mipeni. Tinawerengera thirakitala imene matayala ake akutsogolo ndi akumbuyo atalikirana masentimita 120. Pa 1:8 msonga umakwera masentimita osakwana 4 kulowa kumimba. Pa 1:4 umapitirira 7. Pa 1:3 ukuyandikira 10, pomwe chimbale cha makina ambiri chikakwezedwa mpaka pamapeto chimakhala chapomwepo. Chikakhula, thirakitala imakakamira pakhomo, matayala n'kumazungulira pamodzimodzi munthu ali pampando. Zimenezi n'zoopsa, ndipo n'chifukwa chake ndikuti musanagule thabwa ngakhale limodzi, gwadani ndi tepi muyeze mpata wa pansi pa chimbale ndi kutalikirana kwa matayala. Mulifupi mwa rampu namonso muyambire pa chimbale, poti ndicho chimatambalala kuposa matayala. Cha mainchesi 42 ndi masentimita 107, osawerengera pakamwa potulukira udzu.

Kumanga kwenikweni sikunativute. Tinamangirira thabwa lochindikala kuphaka la shedi ndi mabawuti, motsitsa pang'ono kuti matabwa oponda akabwera afanane ndi pansi pa shedi komanso chitseko chizitseguka bwino. Mitanda ya mamilimita 38 kwa 152 tinaiika motalikirana masentimita 40, chifukwa thirakitala ndi woyendetsa pamodzi amatha kufika makilogalamu 300. Kumunsi tinaidula chopendekeka n'kuikhazika pa masilabu a simenti oyalidwa pa kwale, kuti isamire m'dothi nthawi ya mvula.

Nkhani ya matabwa inandikhudza, poti tonse tikudziwa zimene chiswe chimachita. Ku South Africa matabwa othiridwa mankhwala amakhala ndi chidindo: H2 ndi a m'nyumba, H3 a panja osakhudza dothi, H4 okhudza dothi. Mitanda ya rampu imagona pafupi ndi chinyezi, ndiye ine ndingasankhe H4 ngakhale mtengo wake ukhale wokwererapo. Mankhwala a CCA, amene amathiridwa m'matabwa ambiri otere, ali ndi kopa amene amadya chitsulo wamba, choncho misomali ndi mabawuti zikhale za galvanised, zokutidwa ndi zinki kuti zisachite dzimbiri. Zidutswa zotsala musasonkhere moto wa braai kapena wophikira nsima, chifukwa muli arsenic, poizoni amene amatuluka mu utsi ndi phulusa. Anzathu ambiri amatola zidutswazi pamalo omanga osadziwa, chonde tiziuzana.

Matabwa oponda tinawayala chopingasa, kusiya kampata ka mamilimita 5 koti madzi azidutsa. Thabwa lonyowa likamera ndere limaterera ngati therere, makamaka matayala akabwera ndi udzu wauwisi, ndiye tinapaka penti yosakaniza ndi mchenga, n'kukhomera timatabwa m'mbali kuti tayala lisaphonye. Poyesa rampu, aphunzitsi anatiuza kuzimitsa mipeni, kukweza chimbale mpaka pamapeto, ndi kukwera molunjika pa giya yotsika, wina ataima pambali n'kumayang'ana mpata wa pansi pa chimbale pamene chikudutsa pamsonga.