Zikomo nonse, tchalitchi chathu chafoleredwa

Abale ndi alongo, ndakhala ndikufuna kulemba izi kuyambira Lamulungu lija tinadalitsa tchalitchi chathu koma netiweki ya kwathu mukuidziwa, mpaka munthu ukwere pachulu. Lero ndatsikira pa boma pano pa Ntcheu ndiye ndati ndisabwerere ndisanathokoze.

Amene simunamve, tchalitchi chathu cha kumudzi, nthambi chabe ya parishi ya Nzama, chinasasuka denga ndi mphepo ya mvula yoyamba. Unali usiku, ife tinangomva chiphokoso ngati lole ikutsitsa miyala, kutacha tinapeza malata ali m'munda mwa kachewere wa eni ake, ena atapindika ngati chikho cha fodya, matabwa ake ukagwira akungofumbutuka m'manja, kani chiswe chinamaliza kalekale ife tikungoyimba pansi pake. Mwayi wake sinali nthawi ya mapemphero. Kuchokera pamenepo takhala tikupemphera pansi pa mtengo wa mango, mvula ikabwera kuthawira m'kalasi ya ku pulayimale, akuluakulu kupanikizana pa madesiki a ana a sitandade 2.

Ndiyambe ndi kuulula tchimo langa. Pa msonkhano woyamba ine ndinali patsogolo kunena kuti tigwetse zonse timange chatsopano cha mabuloko, chachikulu, cha mawindo a magalasi ngati za m'tauni. Achinyamata anandiombera m'manja. Kenako agogo ena a mu mphakati wathu, amene masiku onse amakhala kutsogolo pamkeka chifukwa benchi imawapweteka msana, anadzuka ndi ndodo yawo n'kunena kuti "ana inu, njerwa mukuti mugwetsezi ndinasenza ine pamutu kuchokera kudambo ndili ndi pakati pa malume anu, mudikire ndife kaye." Tonse ziii. Tsiku lomwelo anandigwira dzanja kupita nane kuseri kwa guwa kumene pulasitala anagwa, kundionetsa njerwa zokhala ndi zidindo za zala, ina mpaka kaphazi ka mwana amene anaponda isanaume. Ndakulira m'tchalitchi chimenechi, ndinabatizidwiramo, ukwati wanga anadalitsira momwemo, koma zimenezo ndinali ndisanazionepo.

Ndi agogo omwewa amene amatikumbutsa kuti kale kusanakhale tchalitchi kuno ankapita wapansi ku Nzama pa Pasaka ndi pa Khirisimasi, kunyamuka dzulo lake ufa ndi nyemba kumutu, kukagona komweko. Ana a masiku ano ukawauza kuti Nzama ndi malo akulu amaseka poti amaona fumbi ndi mseu wovuta, koma paja ansembe atatu a chipani cha Montfort, Bourget, Prézeau ndi Winnen, anafika pamenepo mu July 1901 m'dera la mfumu Njobvuyalema, ndipo ndi mishoni yoyamba ya Katolika imene inakhazikika m'dziko muno. Azungu a White Fathers anayesapo kwa Mponda ku Mangochi mu 1889 koma anachoka mu 1891. Ndiye ife a m'midzi yozungulira kuno tisamadzione ngati otsalira, moto unayambira pakhomo pathu.

Titaitana mmisiri kudzaona zipupa anati n'zolimba ngakhale anamangira dothi, chofunika n'kuthira bimu pamwamba kuti denga ligwire. Ndinachita manyazi koma ndinakondwa.

Tsono ndalama. Apa ndiye panali nkhani. Tinayamba kusonkha kwacha itangogwa ndi 44 peresenti mu November 2023 muja, ukafunsa mtengo wa malata lero, kubwera sabata yamawa ndi ndalama yako wapeza akwera, simenti chimodzimodzi. Komanso tinapsa ndi kalipentala wina amene analandira ya chikole n'kuzimitsa foni, mpaka lero. Sindimutchula, a tcheya anati timusiyire Mulungu, ine mtima wanga sunafike pamenepo koma ndikuyesetsa.

Zikomo miphakati yonse, munagawana masiku otunga madzi ndi kututa mchenga popanda wokukakamizani. Amayi a bungwe la amayi achikatolika, inu ndiye ndilibe mawu, munagulitsa mandasi ndi zitumbuwa, munaphikira amisiri tsiku ndi tsiku, ena munapereka nkhuku yomwe munasungira alendo. Pa masika chaka chimenechi anthu anabweretsa chimanga chikhalirecho zokolola sizinali bwino, ndinaona mayi wina wamasiye atabwera ndi kambale kamodzi ka nyemba akubisa kunsalu kuopa kusekedwa, mayi inu ngati mwana wanu akuwerengerani izi dziwani kuti tinaona. Akwaya munayenda midzi ingati kuyimba pa Pepa Sande mawu mpaka kusasa. Achinyamata amene munkafuna tigwetse aja ndinu omwe munakwera pamwamba kukhoma misomali dzuwa lili pamutu, ulemu wanu.

Ana athu a ku Lilongwe, ku Blantyre ndi a ku Joni, gulu la pa WhatsApp lija poyamba ndinkaliona ngati lamacheza chabe, koma Airtel Money ndi Mpamba zinkalira usiku, a ku Joni kutumiza pa Mukuru, wina analemba kuti "sindinapemphere zaka zisanu koma mayi anga anagona kuseri kwa tchalitchi chimenecho." Msungichuma wathu ankaika lisiti iliyonse pagulupo, n'chifukwa chake panalibe manong'onong'o, ena atengerepo phunziro.

Ndisaiwale anzathu a CCAP. Anatibwereka mabenchi, anabwera ndi ngolo ziwiri kudzatuta njerwa, ndipo mkulu wa mpingo wina anatipatsa mitengo ya bulugamu ya m'munda mwake osalandira kanthu. Paja amati mutu umodzi susenza denga, ife taziona ndi denga lenileni. Afumu athu zikomo potipatsa malo okumba mchenga, aphunzitsi aakulu zikomo chifukwa cha kalasi ija, pepani ana ankapeza madesiki tasuntha Lolemba lililonse. Akatekisi athu, usiku wa mphepo uja munathamanga ndi tochi mvula ikugwa kukatenga bokosi lachitsulo la makadi a ubatizo ndi kaundula wa akhristu, ena mwa makadiwo ndi a anthu amene anamwalira ine ndisanabadwe. Bambo mfumu, munabwera pa njinga yamoto m'matope kudzatilimbitsa mtima, Ambuye akusungeni.

Lamulungu lapitali ndiye kunali kunali. Misa yodalitsa inayamba mochedwa poti anthu anadzaza mpaka panja, pa zopereka madoda analowa ndi ngoma yachingoni zishango m'manja fumbi koboo, agogo aja tinawakhazika pamkeka pawo pomwe paja, ndipo kuseri kwa guwa tasiya kachigawo kosapaka pulasitala kuti kaphazi kaja kazioneka. Belu likadali lomwe lija, limu ya lole yopachika pamtengo, wina analonjeza kugula lenileni koma anthu akana ati ili limamveka mpaka kutsidya kwa dambo.

Zatsala ndi mawindo anayi ndi chitseko cha kumbali, pakali pano tatchinga ndi mphasa. Komanso pali mapoto awiri aakulu ndi ambulera yakuda zimene zinatsala tsiku la phwando, eni ake kazitengeni kwa akatekisi.