Mmene ndimasankhira ejenti pogula nyumba

Ku Lilongwe ndi ku Blantyre nyumba zogulitsa zimadzera kwa anthu a mitundu iwiri: ejenti amene ali ndi ofesi yolembetsedwa, ndi dobadoba amene ofesi yake ndi foni ya m'thumba. Onsewa atha kukupezerani nyumba yabwino. Koma zinthu zikasokonekera, wa ofesi mumakam'peza pomwe munamusiya, pamene dobadoba amangozimitsa foni. N'chifukwa chake ine ndimayamba ndi kupita ku ofesiko ndekha, n'kupempha kuona chiphaso cha kampani ndi chikalata chosonyeza kuti analembetsa ntchito yogulitsa malo ndi nyumba. Ngati akuti ndi membala wa Surveyors Institute of Malawi, bungwe la akatswiri a za malo ndi nyumba, ndimakafunsa komweko.

Funso langa loyamba silikhala la mtengo. Ndimati, "Bambo, akukulipirani ndani?" Nthawi zambiri komishoni imachokera kwa wogulitsa, ndiye kuti ejentiyo akugwirira ntchito mwini nyumba, osati ine. Palibe cholakwika pamenepo, bola ndidziwe kuti akamati denga ndi latsopano, akuyankhula ngati wamalonda. Choopsa ndi pamene madobadoba atatu alumikizana pa nyumba imodzi, aliyense n'kuikapo yake pamwamba pa mtengo wa mwini. Mumakambirana ndi munthu amene mwiniwakeyo sanamuonepo. Pofuna kudula mzere umenewu ndimapempha kalata imene mwini nyumba anasaina yopatsa ejentiyo mphamvu yogulitsa, yokhala ndi mtengo wake. Ndalama yoonera nyumba, imene ambiri amafuna, timagwirizana tisananyamuke, ndipo ndimalandira lisiti.

Kenako ndimapempha nambala ya title, chikalata cha umwini wa malo, ndi fotokope ya mapepala. Apa ndi pamene ejenti weniweni amaonekera. Wodziwa ntchito amakuuzani msanga ngati malowo ndi freehold (umwini wopanda malire a zaka) kapena lizi (kubwereka nthaka kwa zaka zowerengeka), ndi zaka zimene zatsala pa liziyo, chifukwa lizi ya zaka 99 imene yadya kale zaka 60 si chimodzimodzi ndi yatsopano mukamakapempha ngongole ku banki. Amadziwanso mwini nthaka: kaya ndi Unduna wa za Malo, Malawi Housing Corporation, kapena khonsolo ya mzinda. Izi n'zofunika chifukwa nyumba ya pa lizi sisinthidwa dzina popanda chilolezo cha mwini nthakayo. Amene angokuyankhani kuti "mapepala ali bwinobwino, muwaona mukapereka dipoziti," ndimamusiya pomwepo.

Nambala ija ndimapita nayo ku Lands Registry, ofesi ya boma yosunga kaundula wa malo, kukachita search, kutanthauza kufufuza m'kaundulamo, kapena ndimatuma loya wanga. Ndikunena loya wanga, osati amene ejenti wandisankhira. Search imaonetsa dzina la mwini, ngati nyumbayo ndi chikole cha ngongole ya banki, komanso ngati wina anaikapo caution yoletsa kugulitsa. Dzina limenelo liyenera kufanana ndi la pa chitupa cha unzika cha munthu amene ndikumana naye maso ndi maso. Ejenti wokana kuti ndionane ndi mwini nyumba poopa kuti timudumpha, ndimamuuza kuti tilembe pangano loteteza komishoni yake. Akakanabe, pali chimene akubisa.

Nyumba za masiye ndi zimene zimavuta kwambiri, ndipo zimandimvetsa chisoni chifukwa ogula ndi ana amasiye onse amapwetekeka. Title ikadali m'dzina la malemu, wogulitsa ndi mwana mmodzi kapena amalume, ena onse sakudziwa. Pansi pa lamulo la chuma cha masiye la 2011, wogulitsa ayenera kukhala ndi chikalata cha khoti chom'patsa mphamvu yoyendetsa chumacho. Kalata ya a mfumu kapena ya msonkhano wa banja siilowa m'malo mwake.

Kukaona nyumba ndimapita kawiri. Ulendo woyamba ndi ejenti, wachiwiri ndekha, makamaka mvula itagwa. Ndimayang'ana mzere wa chinyezi m'munsi mwa khoma, mathotho a bulauni pa siling'i, ndi ming'alu yopingasa pamwamba pa mawindo, imene penti watsopano sabisa nthawi yaitali. Ndimazungulira puloti kufunafuna mabikoni, timiyala ta simenti tija timene nthawi zambiri timakwiririka ndi udzu pa ngodya. Mpanda ukadutsa bikoni, mkangano ndi oyandikana nawo udzakhala wanga, choncho ndimaitana saveya kuti ayeze. Ndimalemba nambala ya mita ya ESCOM ndi akaunti ya Water Board kuti ndikafunse ngati pali ngongole. Ndimachezanso ndi mayi wogulitsa tomato pafupi ndi geti. Anthu otere amadziwa ngati nyumbayo inagulitsidwapo kale kwa wina, kapena ngati msewu umasanduka mtsinje mu Januwale.

Mtengo sindiutenga pa mawu a ejenti. Ndimalipira valuer wolembetsedwa kuti aike mtengo wake, ndipo banki nayo imafuna lipoti lotero isanapereke ngongole.

Pa ndalama sindigonja. Sindipereka dipoziti m'manja mwa ejenti kapena pa Airtel Money ndi Mpamba yake, ngakhale anene kuti pali wina wa ku Joni amene akubwera ndi ndalama mawa. Loya amalemba pangano logulitsana lotchula mtengo, tsiku lotuluka m'nyumba, wolipira ngongole za city rates (msonkho wa khonsolo ya mzinda) ndi ground rent (lendi ya nthaka ya pa lizi), komanso kuti dipoziti idzabwezedwa chilolezo chikakanika. Ndalamazo zimakhala ku akaunti ya makasitomala ya loya, kudikira chilolezo cha mwini nthaka ndi tax clearance ya ku MRA, chikalata chosonyeza kuti za msonkho zili m'malo. Stamp duty (msonkho wa boma pa zikalata zosinthira umwini), malipiro a loya ndi olembetsera ndimawaika pa bajeti kuyambira pachiyambi. Zonse zikatha ndimachitanso search ina, kuti ndione dzina langa m'kaundula ndisanayambe kugwetsa khoma lililonse.